Kangaude ndi Ndevu za Apongozi

Muthanna amagulitsa akangaude akuluakulu aubweya pamsika wa ziweto ku Baghdad. Lachisanu lina kunabwera Abu Shahad, bambo a mtsikana amene iye ankafunsira, kudzaona ngati malonda oterewa angadyetse mwana wawo.

"Ndiye mkamwini wanga aziweta tizilombo?" anatero moseka. "Tandipatsa mmodzi kuno, ine ndinagwirapo zinkhanira."

"Amalume, ameneyu akakwiya amathothola ubweya wake pogwiritsa ntchito miyendo, ndipo umayabwa ngati chitedze."

Sanamve. Anamunyamula, kangaudeyo n'kuwawaza ubweya m'zala. Koma ataona ogula akulimbirana pabenchipo, mtima wawo unakhala pansi. Anagwira ndevu zawo zapamlomo, monga achitira mwamuna wa kumeneko polumbira, nati, "Pali ndevu izi, mwana wanga Shahad ndi wako!"

Posakhalitsa mlomo wawo unayaka moto ndi ubweya wa m'zala uja. Muthanna anawamata selotepi kuti azule ubweyawo, ndipo poimatula inatengako ndevu.

"Wandimeta, chitsiru iwe!"

"Ndiye lumbiro lija lapita nazo, amalume?" anafunsa mtima uli m'mwamba.

Abu Shahad anaseka mpaka misozi. "Zatsalazi zikwanira. Uwauze amayi ako abwere kwathu Lachinayi, koma chilombochi chitsale konkuno."