Gemu yatsopano yafufuta Yotamu

Lachiwiri kunachita mwera, ndiye asodzi a ku Kande sanalowe m'madzi. Tsiku lotere simuvutika kuwafuna. Amakhala m'kanyumba ka Ada Longwe kuseri kwa msika, momwe muli TV, batire ya sola ndi makina a gemu ya mpira. Ine ndinapatukirako pochokera kusukulu kuti nditchajitse foni, koma ndinapeza anthu ali duu ngati pamaliro.

Ndikuuzeni kaye za gemu imeneyi, inu amene mumati ndi zachibwana.

Kwa zaka zingapo asodziwa akhala akusintha matimu a m'gemumo. Anachotsa mayina onse akunja n'kulembamo awo. Bwato lililonse lili ndi timu yake. Amene amakapa madzi m'bwato ndiye goloboyi, mwini ukonde amamuika kumbuyo kuti azitukwanidwa bwino. Mwera ukawomba, bwato limakumana ndi bwato linzake, anthu awiri pabenchi imodzi, ena onse akukuwa kumsana.

Timu ina inali ndi wogoletsa dzina lake Yotamu. Yotamu weniweniyo anamira chaka chatha. Mng'ono wake, Waisoni, sanamuchotse m'timu, ndipo palibe amene anayerekeza kumuuza kuti atero. Akagoletsa, nyumba yonse inkafuula dzina lake, ngakhale a bwato lomwe lachinyidwalo.

Tsono sabata yatha Ada Longwe anakwera minibasi wa ku Mzuzu. Wogulitsa wina kumeneko anawaonetsa gemu ya chaka chino. Akuti osewera ake amachita kuoneka thukuta pamphumi. Bambo aja anakopeka. Anasiya makina akale, kuonjezapo ndalama, n'kubwera ndi atsopano atawafungata ngati khanda.

Atayatsa, gemu inafuna intaneti. Anagula bandulo. Inafunanso kuti idzikonze kaye, bandulo n'kuthera pomwepo. Anagula ina, foni ataikoleka pawindo pomwe netiweki imagwirako pang'ono. Itatseguka, malo osinthira mayina munalibe. Inkangowakankhira kukasewera ndi mlendo wa kutsidya kwa nyanja zamchere, ndi kugula osewera pogwiritsa ntchito khadi la kubanki.

Apa ndi pomwe ndinawapeza Lachiwiri lija. Waisoni ndiye anayamba kulankhula.

“Ada, nanga achimwene ali kuti?”

“Anatsala m'makina akale aja, mwana wangu. Ine ndimayesa asamuka okha.”

“Yewo, ada,” anathokoza Waisoni, n'kutuluka.

Zinandipweteka, ndipo sindibisa, ndinakwiya. Foni itadzaza ndinafufuza zomwe eni gemuyi akunena. Eee, kudzitama kwake! Akuyembekezera kuti ya chaka chino igulidwa kuposa zonse zam'mbuyo. Akutinso zikubwerazo zonse zizidzayendera intaneti basi, chifukwa ndi zomwe osewera akufuna.

Osewera ake ati? Anabwera liti ku Kande kudzafunsa? Anakwera minibasi iti?

Musavutike, yankho ndikulidziwa. Anthu amenewa sawerenga osewera, amawerenga ogula. Benchi ya Ada Longwe yatha kusalala ndi matako a mudzi wonse, koma kwa iwo ndi munthu mmodzi, mwinanso palibe, poti makina akalewo anali a kaunjika. Wosewera amene amamufuna ndi wokhala yekha m'chipinda, magetsi osazima, khadi lili m'manja, wokonzeka kugulanso chaka chamawa mpira womwewo atangousintha malaya. Anthu makumi awiri kusangalala ndi chinthu chimodzi chogulidwa kamodzi, kwa iwo ndi kuluza.

Ndiye nzeru zonse zathera pa thukuta. Anthu ophunzira, olipidwa bwino, chaka chathunthu kukhalira pansi kuti mphumi ya wosewera inyezimire. Ife thukuta tikulisowa kuno? Pitani kumunda wa chinangwa mwezi wa Okutobala mukalitunge m'ndowa.

Kale ukagula chinthu chimakhala chako. Lero umagula chilolezo choti uzipemphabe. Bawo ndi thabwa lokumbidwa maenje, koma palibe munthu wa kunja amene angadzuke m'mawa n'kulamula kuti kuyambira lero muzisewera nokhanokha.

Komatu tisamangoloza chala kutali. Ifenso tili ndi nthenda yathu. Tikangomva mawu oti “chaposachedwa”, timathamangira kukagula. Foni ikugwira bwino ntchito, tisinthe. Wailesi ikulankhula, titaye. Ada Longwe anafunsa mtengo, anafunsa za thukuta lija, koma sanafunse funso limodzi lokha lofunika: kodi anthu anga akwanamo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu timaphunzitsa ana a sitandade folo, ife akuluakulu n'kumakaugula ku Mzuzu ndi ndalama zathu.

Sindikuti gemu zisamasinthe. Zisinthe, zikongole, osewera atuluke ngakhale misozi. Koma wopanga chinthu akayamba kuchotsa zomwe anthu amachikondera n'kusiya zomwe amalipitsira, asatiuze kuti akutitumikira. Akutikama.

Lachitatu Ada Longwe anaimbira wogulitsa uja kuti abweze makina akale. Anayankha mokondwa kuti anawapukuta bwinobwino, anafufuta zonse zinali m'katimo, ndipo apeza kale mwini watsopano.

Dzulo mwera unali usanaleke. Ndinadutsanso kuseri kwa msika. Ada Longwe anali okha m'kanyumba muja, akuonera osewera a thukuta akuthamangathamanga popanda wowatuma. Asodzi anali pansi pa mtengo wa mango, pabawo. Waisoni sanali nawo. Anakhala payekha kumchenga akusoka ukonde womwe sindinauone pong'ambika.

Eni gemu adzagulitsa mamiliyoni awowo, sindikukayika, ndipo adzaomberana m'manja. Ndikungofuna mmodzi wa iwo abwere, akhale pabenchi ija, amuyang'ane Waisoni kumaso. Amuuza kuti achimwene ake anawasinthanitsa ndi chiyani?