A Bakha, Mphunzitsi wa Masamu M'dziko la Eni

Bambo wina wa ana atatu ataphunzitsa masamu kwawo zaka makumi awiri, anapeza mwayi wa ntchito kunja. Akazi awo ndiwo anaona chilengezo chake, ndiwonso anawakakamiza kulemba kalata.

"Bambo, ana akula," anatero mayiwo. "Mukakhala pano mungokalamba ndi choko m'manja. Pitani mukaone dziko."

Anapitadi. Atangotsika ndege, mpweya unawakuta kumaso ngati thawulo loviikidwa m'madzi otentha. Kwawo dzuwa limaotcha, inde, koma ukathawira pamthunzi limakuleka. Kuno kutentha kunkakutsata mpaka m'bafa.

Sukulu inawapezera chipinda pamwamba pa shopu ya telala. Munali bedi, tebulo, fani ya kudenga yozungulira mwaulesi, ndi analimata awiri pakhoma omwe ankaoneka ngati eni nyumba. Sabata isanathe, nsapato zawo zachikopa zinachita nkhungu, mchere n'kusungunuka m'botolo.

Komabe jekete sanavule. Kwa iwo mphunzitsi wopanda jekete ndi tayi anali ngati msilikali wopanda yunifolomu. Telala uja, nkhalamba ya dazi yosadziwa ngakhale liwu limodzi la Chingerezi, ankawayang'ana m'mawa uliwonse akutsika masitepe, n'kupukusa mutu.

Chinkawawawa koposa kutentha chinali kalasi. Ana makumi anayi ankangoti zii, maso tong'o. Akafunsa kuti, "Mwamva?" onse ankavomera ndi mutu, koma mayeso oyamba anakhoza asanu okha.

"Mayi, ana a kuno sakundifuna," anadandaula pafoni Lamlungu lina masana.

"Mwawalakwira chiyani?"

"Palibe."

"Nanga mwawafunsa? Safunsa anadya phula, bambo. Inu mukayamba kuyankhula simupuma. Ine zaka zonsezi ndimangovomera, koma theka limandidutsa."

Anaseka, koma sanalabadire.

Lachitatu la sabata yachinayi, ali pakati pa samu, bolodi inayamba kuzungulira. Anatsitsimuka atagona chagada pansi, tayi yomasula, jekete atatsamira kumutu, ana khumi akuwakupiza ndi makope. Mtsikana wina wa kutsogolo ankalira. Ahedi, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, anawagwirira kapu ya madzi pakamwa.

"Aphunzitsi, tinakuitanani kuti mudzaphunzitse, osati mudzatifere pano. Akazi anu ndikanawauza chiyani?"

Akupumula mu ofesi, aphunzitsi analimba mtima n'kufunsa ngati anawo ankadana nawo. Ahedi sanayankhe okha, anaitanitsa mtsikana analira uja. Iye anaima pakhomo ataweramitsa mutu.

"Sitidana nanu, aphunzitsi. Koma mumayankhula ngati mvula ya padenga la malata. Phokoso timalimva, mawu sitiwagwira."

Tsiku lomwelo nkhani inali itafika kale kwa telala. Anakwera masitepe tepi ili m'khosi, osagogoda n'komwe. Anawatambasula manja aphunzitsi ngati mwana wopita kukayamba sukulu, n'kuwayeza mapewa, chifuwa ndi mimba. Pamimbapo anaimapo pang'ono, n'kuwagogoda ndi chala uku akuseka. Patapita masiku awiri anabwera ndi malaya atatu opepuka, a manja aafupi.

Ubwenzi wawo unayambira pamenepo. Akaweruka, aphunzitsi ankakhala pabenchi ya m'shopu. Telala ankaika mabatani patebulo limodzilimodzi, akutchula manambala m'chinenero chake, iwo akutsatira ngati mwana wa sitandade wani.

Lolemba lina anaganiza zodabwitsa ana. Anaima kutsogolo n'kuyamba kuwerenga manambala m'chinenero cha anawo, pang'onopang'ono. Ana anatsegula pakamwa. Zinayenda bwino mpaka pa sikisi. Atafika pa seveni, kalasi yonse inafa nacho chiseko, ena mpaka kugwa pamipando. Lilime linali litaterera: m'malo mwa seveni anatchula liwu lotanthauza bakha.

Mphunzitsi wakale uja akanakwiya. Koma uyu anali atagonapo kale pansi pamaso pa ana omwewa, manyazi anali atatha. Anaseka nawo mpaka misozi. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linali a Bakha, ndipo ngakhale ahedi ankawaitana choncho pamsonkhano.

Manja anayamba kukwera m'kalasi. Ana ankawongola lilime la aphunzitsi, aphunzitsi n'kumawongola masamu a ana. Akaiwala n'kuyamba kuthamanga poyankhula, wina kumbuyo ankalira ngati bakha, iwo n'kuchepetsa liwiro. Anaphunziranso kumwa madzi ludzu lisanafike, ndi kuyenda ndi ambulera ngakhale kumwamba kuli mbee, poti mvula ya kuno sinkapereka moni. Pamayeso omaliza chaka analephera ana anayi okha, ndipo anayiwo anabwera kudzapepesa.

Patchuthi akazi awo anabwera kudzawaona. Zomwe a Bakha anaphunzira chaka chathunthu, mayiwo anazidziwa m'masiku atatu. Kumsika ankagula ndi zala basi. Masana ankakhala ndi mkazi wa telala, wina akuyankhula chake, wina chake, koma kuseka pamodzi.

"Mumakambirana chiyani, poti simumvana?" a Bakha anafunsa.

"Za amuna. Zimenezo sizifuna womasulira."

Sabata yomaliza ya tchuthi ahedi anatumiza kalata yopempha kuti awonjezere zaka ziwiri. A Bakha anaiwerenga kawiri, n'kuiika patebulo. Anasowa ana awo, anasowa khonde la nyumba yawo.

"Mayi, mukuti bwanji?"

Mayiwo anapitiriza kupinda zovala m'chikwama.

"Ine ndinabwera ndi mantha, ndimati ndikupezani mutauma ngati chikuni. Koma anthu awa akusungani bwino. Sainani. Ana ndidzabwera nawo tchuthi chikubwerachi, adzaone okha kuti bambo awo amatha kuseka m'kalasi."

Anasaina. Mawa lake anaperekeza akazi awo kubwalo la ndege, ndipo mkazi wa telala anakakamira kupita nawo, chikwama cha mnzake atachinyamula yekha njira yonse.