Mmene Mawu a Abambo Anabwerera pa Kabaza

Ndikakumbukira dzinja limenelo, choyamba kuoneka m'maso mwanga ndi chala cha achemwali anga Esinati, kanthu kakuda kali pamwamba pa chikhadabo. Kanali kamemole ka foni, kopepuka ngati khoko la mtedza, koma achemwali ankati muli oimba ochuluka kuposa mpingo wathu wonse. Ine, mtsikana wa sitandade sikisi wosakhulupirira zinthu msanga, ndinkakatembenuza, kukanunkhiza, mpaka kukaika pakhutu, osamva kanthu. Koma akangokalowetsa mu foni, nyumba yathu ya kufupi ndi Limbuli inkadzaza ndi pasada wa ku Mozambiki, makwaya, ndi anyamata a m'tauni oimba mothamanga ngati awapirikitsa agalu. Mpaka lero sindinasiye kudabwa nako.

Masiku amenewo achinyamata sankanena zogula nyimbo, ankati akukabenetsa, kutanthauza kukathiritsa nyimbo mu memole. Wobena wathu anali Bonifasi, mnyamata wamtali wa kanyumba ka malata pakati pa ometa tsitsi ndi okazinga tchipisi, pomwe fungo la mafuta linkasakanikirana ndi la nanazi wakupsa ndi matope a pamsika. Kompyuta yake ankaifunditsa chitenje ngati khanda. Munthu sunkasankha nyimbo imodziimodzi, unkangonena kuti zauzimu, zatsopano kapena zachikale, iye n'kukuthirira mulu wonse, zomwe wapatsidwa n'kukazidziwira kunyumba. Kagwiridwe kake ka ntchito wachinyamata aliyense ankakadziwa: memole ikabwera, ankayamba wakokera zonse za m'menemo mu kompyuta yake, kenako n'kuifufuta, n'kuthiramo zina. Palibe ankadandaula, chifukwa kwa anyamata a kwathu nyimbo ya mwezi watha inali kale nkhalamba. Amene sanapite kwa Bonifasi ankapempha kwa anzawo pa bulutufi. Foni ziwiri ankazigunditsa mitu, eni ake ali duu, poti tinkakhulupirira kuti ukagwedeza dzanja nyimboyo ifika yothyoka. Ife ana tinkasewera zomwezo ndi mabokosi a machesi, wina n'kukhala sipika, kumaimba mpaka mawu kusasa.

Koma m'nyumba mwathu munali memole ina imene sinkayenda m'matumba a achinyamata. Abambo, amene anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi moyo wawo wonse, anali atatisiya chaka chapitacho. Asanayambe kudwala, m'mawa wina wa chiperoni, achemwali anawajambula mawu mwakabisira akunola mpeni wodulira tiyi, uku akuimba nyimbo ya Chilomwe imene anaphunzira kwa makolo awo ochokera kutsidya kwa malire, ku Mozambiki. Ife ana Chilomwecho tinkangochimva mwa apo ndi apo. Munkamveka mwala ukukhula chitsulo, tambala akulira kuseri, kenako amayi akuitana kuti, "Bambo a Esinati, madzi apola!" Abambo ankaseka pakati pa nyimbo, kuseka kwawo kuja kotsikira pachifuwa, n'kupitiriza kuimba. Chithunzi chawo tinalibe, ndipo padziko lonse mawu awo anatsala m'menemo mokha.

Amayi anakulira nthawi ya makaseti, amene ukawaliza kwambiri amayamba kukoka mawu. Choncho ankakhulupirira kuti mawu a munthu amaperepeseka ngati khasu, ndipo achemwali anayesa kuwafotokozera mpaka kutopa. Memoleyo anaimanga m'kansalu, kansaluko m'kachitini, kachitiniko pansi pa sutikesi. Tinkawamvera abambo Lamulungu lokha tikachoka ku tchalitchi, titakhala pamphasa mwaulemu ngati alowadi m'nyumba. Ndikapempha kuti tibwereze, amayi ankati, "Ukufuna uwamalize lero lomwe?" Ngakhale kugawirako achibale pa bulutufi ankakana, poopa kuti mawuwo achepa.

Khirisimasi itayandikira, kwaya ya amayi a kumpingo inafuna kuphunzira nyimbo zatsopano, ndipo wina anawauza kuti kwa Bonifasi ziliko. Achemwali anali atapita kukathyola tiyi, poti mvula ikagwa masamba sadikira munthu. Amayi anamasula kansalu kaja n'kunditenga kupita kumsika. M'njira anandiuza mosangalala kuti n'koyenera kuti nyimbo za Mulungu zikhale pamodzi ndi amuna awo. Kwa iwo memole inali ngati dengu, umangowonjezera pamwamba za pansi zili momwemo. Bonifasi anaipokera ndi manja awiri, n'kuchita zimene ankachitira aliyense. Sanafunse, chifukwa panalibe amene anamubweretserapo chinthu chofuna kusunga, ndipo amayi sananene, chifukwa sankadziwa kuti pali chofunika kunena. Inenso, pokhala mwana, zofufutazo ndinali ndisanazidziwe.

Lamulungu lotsatira tinakhala pamphasa monga mwa nthawi zonse. Achemwali anafufuza, kubwerera, kufufuzanso, koma munali makwaya okhaokha. Atamva kumene memoleyo inapita, anagwira pakamwa misozi ili mbwembwembwe. Tinathamangira ku Limbuli mvula ikutimenya, tikudalira chizolowezi chake chokokera zinthu mu kompyuta, koma tinamupeza Bonifasi atakhala pakhomo, kompyuta ili chitsegulire, ikununkha waya wopserera. Mphenzi ya mkati mwa sabata inali itaiwotcha. Mnyamatayo anavula chipewa, n'kupepesa mobwerezabwereza. Amayi sanamukalipire. Anangoyang'ana bokosi lakufalo n'kunena motsitsa kuti, "Ndiye kuti amwaliranso."

Dzinja linapitirira ngati palibe chachitika. Phiri la Mulanje linkatuluka m'mitambo litavala mizere yoyera ya mathithi, minda ya tiyi ili biriwiri, fungo la masamba ofota likuchokera ku fakitale. Tinapalira chimanga, tinatola ngumbi, tinadya mango mpaka mano kuyayamira. Koma amayi analeka kung'ung'udza nyimbo potsuka mbale. Ine ndinkayesa kuimba nyimbo ya abambo popita kumjigo, ndipo tsiku lililonse kachidutswa kena kankandithawa. Ndinachita mantha kwambiri nditazindikira kuti ndayamba kuiwala mmene ankasekera.

Mvula ikupita kumapeto, chimanga chachiwisi chitayamba kuotchedwa m'mbali mwa msewu, ine ndi amayi tinali pamsika tikugulitsa nanazi. Kunadutsa mnyamata wa kabaza, kasipika atakamangirira pa handulo ndi mphira. Pasada amene ankalira anatha, ndipo m'malo mwake munamveka mwala ukukhula chitsulo. Kenako tambala. Mawu a abambo anadzaza msewu wonse, amphamvu kuposa mmene tinkawamvera pamphasa, ndipo atafika paja, mnyamatayo anakuwa limodzi ndi sipika kuti madzi apola, anzake a pa siteji n'kumuyankha ndi phwete. Amayi anadzuka, nanazi n'kugubuduzika m'matope. Ndinali ndisanawaonepo akuthamanga, koma tsiku limenelo anathamanga chitenje chili m'manja mpaka anagwira keliyala ya njingayo.

Mnyamatayo anayamba waopa, akuyesa kuti waba chinachake osadziwa. Atafunsidwa, anafotokoza kuti nyimboyo anaitenga pa bulutufi kwa mnzake wa kutsidya kwa malire, amenenso anaitenga kwa kondakitala wa ku Chonde, ndipo anyamata a kabaza ambiri anali nayo. Ankaitchula kuti Madzi Apola. Ankaikonda chifukwa cha kuseka kuja, komanso chifukwa okwera achikulire akaimva ankavomereza m'Chilomwe. Tinadzazindikira kuti mphenzi isanagwe, Bonifasi anali ataithira mu mulu wa zachikale, n'kumapatsa aliyense wobwera, iye mwini osaimvera n'komwe. Pamene ife tinkalira, abambo anali paulendo, akukwera zitunda ndi kuwoloka mitsinje, kufika kwawo kwa makolo kumene sanapiteko ali moyo.

"Mwanawe," anatero amayi, "amene akuimbawo ndi amuna anga. Woitanayo ndine."

Mnyamatayo anatsika panjinga, n'kuzimitsa sipika ngati wadutsa pamaliro. Anawakweza amayi pa keliyala mpaka kunyumba, ine ndikuthamanga pambuyo. Achemwali atabwera kuchokera ku tiyi, foni yawo ndi ya mnyamatayo zinagunditsidwa mitu pamphasa, tonse tili duu, ngakhale nkhuku tinaziingitsa kuti zisagwedeze kanthu. Ndinkayang'ana kampata ka pakati pa mafoniwo, ndikudabwa kuti bambo anga akudutsa pamenepo ine osawaona. Nyimboyo itatha kudutsa, amayi anamvera, n'kuuza achemwali kuti abwereze, kenako abwerezenso. Atapukuta m'maso anati, "Aliyense wofuna muzimupatsa. Ine ndinawatsekera m'kachitini n'kuwataya. Awasunga ndi ana a eni."

Lero kanyumba ka Bonifasi amagulitsamo zovala za kaunjika. Ana anga amakoka nyimbo pa intaneti akagula bandulo, aliyense n'kutseka makutu ake ndi tizingwe, ndipo sadziwa kukoma kodikira foni ziwiri zitagundana mitu, kapena kopatsidwa mulu wa nyimbo zimene sunasankhe. Sindiwanena, nthawi yawo ndi imeneyi. Koma ndimadzifunsa kuti mawu a munthu wamba wonola mpeni angayende bwanji masiku ano, pamene aliyense amamvera yekha zimene wafuna yekha. Amayi akalamba tsopano, maso ayamba kuchita mdima, ndipo kachitini kaja amasungiramo singano. Nyimboyo amaimvera m'mawa uliwonse, foni ili pakhonde, sipika atakweza kuti odutsa amve. Ikafika pamalo paja salola kuti foni iwaitanire, amaitana okha kuti madzi apola, ndipo abambo amaseka.