Mtsuko woikira nkhuku uja aufuna

Monire mose. Tamvani zimene zachitika kuno ku Lupembe lero.

Kunabwera mayi ena a ku Mangochi amene amagula miphika yakale n'kumakagulitsa m'maloji. Anatumiza uthenga dzulo, ndiye ine ndinakwecha mitsuko iwiri imene anaumba malemu Mama, n'kuipaka polishi wofiira kuti iwale. Mayiwo atangoiona anagwira pakamwa. "Mwaiononga, asisi. Ogula amafuna ukale wakewo."

Potuluka anaona mtsuko wa Mama wobenthuka uja, umene nkhuku zimaikiramo mazira kuseri kwa khitchini. Anachotsa mazirawo, n'kuugogoda ndi chala atatchera khutu. Akuti ukalira bwino ndiye kuti ulibe mng'alu. Kenako anautembenuza. Pansi pake pali kadzenje ka chala chachikulu, pambali timizere titatu. Akuti chizindikiro chomwechi anachionapo pa miphika iwiri ku Wovwe, ndipo akhala akufunsa kuti woumba wake anali ndani.

Zaka zonsezi ine osadziwa kuti Mama ankasayina miphika yawo, munthu woti ngakhale dzina lake sankatha kulemba.

Mayi a ku Mangochi aja atchula mtengo woti tingagulire thumba la feteleza, ndipo abweranso Loweruka. Achimwene ku Mzuzu, inu ndinu aakulu, tigulitse? Nanga timizere titatuto, ndi ife ana awo atatu kapena pali tanthauzo lina? Amene akudziwa andiuze.

Atapita ndinaika chala changa m'kadzenjemo, chinakwana ndendende. Mtsukowo ndaulowetsa kaye kuchipinda. Nkhuku zipeze pena poikira.