Filimu Yakuda ya Apongozi Anga

Ntchito yanga zaka zonsezo inali yojambula anthu m'kati, ija timati ekisire. Ambiri amayesa umangodina batani ngati wojambula zithunzi za paukwati. Ayi ndithu. Umayamba wamuona munthuyo, kumuyeza kukhuthala kwa chifuwa, kenako n'kupotokola timawilo ta makina kuti cheza chikhale chomuyenera. Madalaivala a mathiraki a kumalire, zifuwa ngati migolo, amafuna cheza chambiri. Ukawachepetsera, filimu imatuluka yoyera mbuu. Munthu wowonda ukamuchulukitsira, filimu imapsa, mapapo amada bii, kachilonda kakang'ono n'kubisala mumdimamo. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe, ndiye musati ndinali mbuli.

Mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa, apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anabwera pa matola kuchokera ku Thambani. Anali atatsokomola miyezi iwiri. Makhololo atawayeza sanaonetse kanthu, choncho adokotala anati chithunzi ndicho chinene ngati chili chifuwa chachikulu. Mkazi wanga anali kunyumba ndi khanda la masiku anayi, ndiye mayiwo analowa okha m'chipinda changa, kathumba ka manachesi kali m'manja.

Kwathu mkamwini sayang'anitsitsa apongozi ake. Mukakumana panjira, wina amapatuka. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pabanja, ndinali ndisanawagwirepo ndi dzanja lomwe. Tsono lero ndiwauze kuti vulani? Ine? Anali atavala majuzi awiri, chitenje m'chiuno, china pamapewa. Anesi oti n'kundithandiza anali atatanganidwa kuwodi.

"Imani apa, amayi, chifuwa chigunde chitsulochi," ndinatero maso ali kukhoma.

"Ndichotse majuziwa, bambo?" anafunsa chapansipansi, nawonso atazyolika.

"Iyayi, zili bwino choncho."

Anafunsa okhatu, abale! Choyezera chifuwa chinali pamsomali pomwepo, sindinachikhudze. M'mutu mwanga munali mayi wojintcha amene ndinkamudziwa, wosenza dengu la manachesi kukwera nalo chitunda osapumira. Ndinawapatsa cheza cha munthu wonenepa, n'kudina.

Filimu itatuluka m'mankhwala, thukuta linandigwira kuzizira konseko. Yakuda bii. Pamenepo ndinadziwa kuti m'majuzimo munalibe thupi lomwe ndinkaliganizira. Inafunika kubwereza. Ndikhoza kunamizira kuti mafilimu anali ochepa m'bokosi, ndipo analidi ochepa, koma chifukwa si chimenecho. Kubwereza kunali kutuluka panja, kukawaitana pabenchi, n'kuwauza kuti avule. Ndinaiumitsa filimuyo n'kupita nayo kwa adokotala.

Anaikwezera kuwindo, n'kutsinzinira diso. "Koma yadatu iyi, achimwene."

"Makinawa akalamba," ndinayankha.

Sanaonemo kanthu. Anawalembera mapilitsi a chifuwa wamba. Apongozi anakaona chidzukulu chawo, anatisiyira manachesi aja, m'mawa mwake n'kukwera matola. Akuluakulu amati manyazi anapha lambe. Bola lambeyo anadzifera yekha.

Apongozi anabweranso mu Januwale, mvula ili pakati, atagonekedwa pamatiresi kumbuyo kwa galimoto. Ulendo uno mkazi wanga analowa nawo, atawakolowekera dzanja paphewa. Ine ndinayambanso zanga zoyang'ana kukhoma.

"Bambo," anatero apongozi, mawu akuchita kusasa, "lero mundione. Ndatopa."

Ndinatembenuka. Mkazi wanga anawavula bulauzi, n'kuwafunditsa kansalu kachipatala. Nthiti zinkawerengeka pansalupo. Ndinatenga choyezera, ndipo aka kanali koyamba kuwakhudza. Kawilo ndinakabweza mpaka pomwe ndimaikira ana asukulu.

Chithunzi chimenecho chinatuluka bwino kuposa zonse zomwe ndinajambulapo. Chilichonse chinkaoneka, ndipo mapapo onse awiri anali atadyeka. Adokotala omwe aja anafukula filimu yakale m'envelopu, n'kuisendeza pafupi ndi babu lowala kwambiri. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako analoza ndi cholembera pamwamba pa phapo lakumanja, pomwe panali kamthunzi kochepa ngati ndalama yachitsulo.

"Chinali pano," anatero. Sanandiyang'ane.

Mankhwala anayamba tsiku lomwelo, koma anangomwa milungu itatu. Tinakawaika ku Thambani manachesi awo akadali tiwisi mumtengo. Pamaliropo anthu ankandiloza kuti uyo ndi mkamwini waulemu, anayesetsa, anawajambula kawiri konse. Ndinalira kwambiri, iwo n'kumati ndi chikondi.

Kuyambira pamenepo ndinkayeza aliyense, kaya ndi abusa, kaya ndi mayi wamsinkhu wa amayi anga, mpaka ena ankandinena kuti ndine wamwano. Ndinapuma ntchito, makina aja anawachotsa kalekale. Koma mkazi wanga mpaka lero, nkhani ya amayi ake ikabwera, amapukusa mutu n'kuti makina okalamba aja ndiwo anatipweteka. Mawu amenewo anawamva kwa ine, ndipo sindinamutsutsepo.