Limba Langa Analilemba Kuti Nkhuni

Chaka cha 1987 ndinali ndi zaka 46. Ndicho chaka chimene anthu a pabwalo la ndege anandiphera limba.

Analisema ndi bambo anga. Matabwa a mlombwa khumi ndi asanu ndi limodzi, lililonse ndi chikho chake pansi. Kutchalitchi ku Fonte Boa tinkaliimba awiri, ine mbali iyi, mwana wanga Zakariya mbali inayo. Nkhondo itafika, Zakariya anafera pamsewu wa ku Domwe. Nyumba anatentha ankhondo. Chimene manja ake anagwirapo, chotsala chinali limbalo.

Msewu wa ku Tete unali wosadutsika. Kandege kobweretsa mankhwala kanali ndi malo awiri pobwerera, anga ndi a mayi a kunyumba. Tinafika pabwalo la ndege nthawi ya 7 m'mawa, giya, kalata yaulendo, ili m'manja.

Shefi, mkulu woyang'anira katundu, anati limbalo latalika, ndimasule. Ndinamasula. Anati zikho zitsale, ku Tete zomwera madzi ziliko zambiri. Ndinamuuza kuti chikho chilichonse chinadulidwa motsata mawu a thabwa lake. Anaseka.

"Madala, anzanu akuthawa ndi ana, inu mukuthawa ndi zikho?"

Mayi a kunyumba anayang'ana pansi. Zikho zinatsala pa udzu.

Matabwa ndinamanga ndi luzi. Iye anatenga pepala n'kulemba kuti lenha. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, koma lenha ndimaidziwa.

"Kamarada shefi, izi si nkhuni."

Anati papepala palibe mzere wa limba. Anadinda karimbo n'kuitana wotsatira.

Ku Tete tinatera nthawi ya 11. Anati katundu mawa. M'mawa mwake ndinapeza mlonda akukolezera moto kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Fungo la mlombwa ndinalimva ndisanaone.

"Pepala likuti nkhuni, bambo. Taphikira nyemba." Anawonjeza kuti zimayaka bwino, n'zouma.

Mlondayo sindinamutukwane. Anachita zimene pepala linanena. Mlandu wanga uli ndi iwe wakarimbo, ngati ukali moyo. Unaonapo nkhuni zopalidwa, zoboola pawiri? Kulemba mawu amodzi m'mphepete mwa pepala kukanakuthyola dzanja?

Pamotopo ndinatolapo matabwa atatu, limodzi lopserera kumutu. Ndili nawo m'sanduku. Atatu satulutsa nyimbo.

Zotayika ndi izi. Matabwa khumi ndi atatu. Zikho khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Nyimbo zisanu ndi ziwiri za bambo anga, zimene pakamwa siziimbika.