ANawotchi ndi Chipinda cha Mabedi Anayi

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za achemwali anga m'kalata ya parishi. Ndavomera, koma zokometsera sindilemba. Eniake sankazifuna.

Tinabadwa awiri, iwo oyamba, ine patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Kuyambira ali mwana ankakonda malo a zii. Anzathu tikusewera, iwo ankakhala kuseri kwa tchalitchi ndi korona wa amayi. Atamaliza maphunziro a unamwino analembera kalata masisitere aja osatuluka kunja kwa mpanda, amene ntchito yawo ndi kupemphera basi. Yankho linabwera lakuti apite. Sutikesi analongedza tsiku lomwelo.

Sabata imeneyo ndinadwala ine. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kenako kusanza ndi kupuma mwawefuwefu. Amayi ankati ndi malungo. Achemwali anawerama, nandinunkhiza m'kamwa.

"Amayi, mpweya wa mwanayu ukununkha ngati zipatso zovunda. Ndi shuga ameneyu, ndipo magazi ayamba kusasa. Tiyeni kuchipatala."

Ndinatsitsimuka patapita masiku awiri, diripi ili pamkono. Chaka chotsatira amayi anatisiya, ndipo wondiyang'anira wina panalibe. Sutikesi ija inakwera pamwamba pa kabati. Chingwe chimene chinawamanga achemwali ndinali ine, sindibisa.

Kuntchito anawaika m'kachipinda ka mabedi anayi kumapeto kwa wodi, kogonekamo odwala shuga amene magazi awo asasa. Zenera linali limodzi, loyang'ana khoma la kochapira. Ntchito ya mmenemo simalola munthu kupita patali. Ola lililonse ubaye chala, uyeze shuga, ulembe. Uwerenge madontho a diripi, uyeze mkodzo m'jagi, umve mtima, umuitane wodwala uone ngati akuyankha. Ukamaliza bedi lachinayi, loyamba lakwana kale nthawi. Achemwali ankauza anamwino atsopano kuti, "Madzi ayambe, insulini atsatire, diso likhale pa mchere wa potaziyamu. Ukathamangira kugwetsa shuga, ugwetsa munthu." Wotchi yawo inkalendewera pachifuwa, n'chifukwa chake odwala anawatcha aNawotchi.

Katatu konse anapempha kuti awasinthe malo. Katatu konse mkulu wa anamwino anayankha chimodzimodzi: "Tikakuchotsani, tiikemo ndani?" Anakhalamo zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Musaganize kuti sizinkawapweteka. Tsiku lina ndinawapeza ataima pazenera, akungoyang'ana khoma lija. Ndinafunsa chavuta n'chiyani.

"Ndinapempha Mulungu kachipinda kotsekeka, wandipatsadi," anatero. "Kungoti aka kali ndi mabeseni a masanzi."

Kenako anayang'ana wotchi, nabwerera kubedi loyamba. Pambuyo pake ndinadziwa kuti pobaya chala chilichonse ankanena Tikuoneni Maria mmodzi chamumtima. Korona wawo anali zala za odwala.

Tsopano ndinene tchimo langa. Masisitere aja ankalandira munthu mpaka zaka makumi anayi ndi zisanu. Achemwali atatsala ndi miyezi iwiri kuti akwanitse zakazo, ine mtima unandiwawa. Ndinayamba kusala kudya kuti Mulungu andichiritse, iwo amasuke. Ndipo ndinaganiza mwa uchitsiru kuti popeza sindikudya, jakisoni wanga wa insulini ndi wachiyani? Ndinasiya masiku atatu.

Lamulungu pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, anandigwira dzanja osalisiya. Anasendeza mphuno.

"Iwe, jakisoni wasiya liti?"

"Lachinayi. Ndikusala, achemwali. Ndichire, inu mupite."

"Ukafa ndikagogoda kumeneko ndi nkhope yanji? Nyamuka."

Anandikoka pakati pa mpingo wonse, anthu akutiyang'ana. Bedi lachitatu linali langa. Ola ndi ola ndinkamva chala chikubayidwa ndi mawu awo akundiitana ngati ochokera m'chitsime. Nditatsegula maso bwinobwino sanandikumbatire ayi. Anati, "Thupi lako limafuna insulini ngakhale usanadye. Ukadwala, ukasala, ubwere tiyeze tione mlingo, koma osasiya. Mulungu sanakutume kuti undithandize mwa njira imeneyi."

Miyezi iwiri ija inadutsa. Za masisitere sanazitchulenso.

Atapuma pantchito ndinati tsopano aziyendako. Sipanathe chaka, anafa ziwalo mbali imodzi. Zaka zinayi anagona m'chipinda changa, ine ndikuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda. Wotchi tinaipachika pamsomali pomwe ankaiona.

"Wachedwa ndi mphindi zisanu," ankatero.

"Kadandauleni kwa mkulu wa anamwino," ndinkawayankha.

Lachiwiri lapitalo m'mawa Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Atachoka, achemwali anandiitana.

"Nthawi ili bwanji?"

"Teni koloko."

"Wabaya?"

"Ndabaya."

"Wadya?"

"Ndadya, achemwali."

"Palibe wina wofunika kuyeza?"

"Palibe."

"Ndiye ndiweruke."

Anatseka maso, ndipo anapita mwakachetechete ngati munthu wosafuna kudzutsa odwala.

Inu a mumpingo amene muli ndi shuga, salani miseche, salani mkwiyo, koma jakisoni musasale. Mukamva ludzu losatha ndi kusanza, musadikire mawa. Ndipo amene mukuona ngati moyo wakutsekerani m'kachipinda komwe simunasankhe, kumbukirani kuti wina anatumikira Mulungu m'kotero, ola ndi ola, osasiya wodwala ndi mmodzi yemwe.

Wotchi ndapereka kwa namwino amene ali m'kachipinda kaja tsopano. Sutikesi ndinaitsitsa ndekha. Munali diresi loyera, nsapato zakuda zosavalidwapo, ndi kalata ija yonena kuti abwere. Pamaliro tinawaveka diresi ndi nsapatozo. Nsapato zinawakwana.